Thargomindah, tauni yomwe inayatsa magetsi ndi madzi a m'chitsime

Thargomindah ndi katauni kakang'ono kumwera chakumadzulo kwa chigawo cha Queensland, m'dziko la Australia. Anthu ake sakwana 300. Kuchoka mumzinda wa Brisbane ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000, kudzera ku St George, Cunnamulla ndi Eulo. Ukamayandikira, mitengo imanka ifupika, dothi limafiira, ndipo pamatsala mafamu a ng'ombe ndi nkhosa okha, aakulu moti eni ake ena amayendera ziweto pa njinga yamoto kapena pa ndege yaing'ono. Mvula ya chaka chonse kawirikawiri sifika mamilimita 300. Mtsinje wa Bulloo, umene umadutsa pambali pa tauniyi, sufika kunyanja: umathera m'madambo n'kuuma.

Alendo amene amapirira ulendo wonsewu amakaona chitsime chimene chili kunja pang'ono kwa tauni. Anayamba kuchikumba mu 1891, ndipo mu 1893, chitsulo chobowolera chitafika mamita 808 pansi, madzi anatumphuka okha, otentha madigiri 84, popanda wopopa kapena injini. Ife tinazolowera mjigo, woti ukafuna madzi upope, ukasiya kupopa madzi nawo asiye. Pa chitsime cha mtundu uwu, chimene akatswiri amachitcha artesian, ntchito imakhala yowaletsa madzi kutuluka. Nkhani yonse ya Thargomindah ndi matauni anzake yagona pamenepa, chifukwa kwa zaka zambiri ntchito imeneyi palibe amene ankafuna kuigwira.

Tiyambe ndi miyala. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mitsinje inkatsanulira mchenga m'chigwa chachikulu cham'kati mwa Australia. Mchengawo unapanikizana mpaka kusanduka mwala, koma mwala wokhala ndi timipata ting'onoting'ono pakati pa njere zake, momwe madzi amalowa ndi kuyendamo. Pambuyo pake nyanja, imene akatswiri a miyala amaitchula kuti Eromanga, inasefukira m'chigwamo n'kuyala matope ochindikala pamwamba pa mchengawo. Nyanja itaphwa, matopewo analimba n'kukhala thanthwe losalola madzi kudutsa. Pansi pa mwala wamchengawo palinso thanthwe lina lolimba. Choncho madzi akalowa m'mwalamo amakhala atatsekeredwa pamwamba ndi pansi pomwe.

Khomo lake lalikulu lili kum'mawa. Kumeneko, m'mapiri a Great Dividing Range, nthaka inatukuka ndipo m'mphepete mwa mwala wamchengawo munaonekera poyera. Mvula ikagwa, ina imalowa m'mwalamo n'kuyamba kutsetsereka kulowera kumadzulo ndi kumwera, kunsi kwa chivundikiro cha thanthwe lija. Madzi olowa kumtunda amakankha amene ali patsogolo, amenewo n'kukankha anzawo, mpaka kutali kuchipululu. Ganizirani thanki ya madzi yomangidwa pa phiri, mapaipi ake n'kutsikira m'nyumba za kumunsi. Mukatsegula mpopi, madzi amatuluka mwamphamvu popanda pampu, chifukwa thanki ili pamwamba kuposa nyumba yanu. Wokumba chitsime ku Thargomindah akabowola thanthwe la pamwamba lija, amakhala watsegula mpopi wotere. Madzi amayesetsa kukwera kufika pa msinkhu wolingana ndi kumene analowera, kuchotsapo mphamvu imene yatayika m'njira. Msinkhuwo ukakhala pamwamba pa nthaka ya pamalopo, madzi amasefukira okha. Ukakhala m'munsi, madzi amakwera m'paipi koma n'kuima panjira, ndipo pamafunika pampu yowamalizitsira ulendo.

Nkhokwe yonseyi dzina lake ndi Great Artesian Basin. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 1.7 miliyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a Australia yense, kapena kuti Malawi kuwirikiza ka 14. Ili pansi pa Queensland, New South Wales, South Australia ndi Northern Territory, ndipo m'malo ena imazama mpaka mamita 3,000. Akatswiri amayerekeza kuti muli madzi okwana makyubiki kilomita 65,000, kuposa a m'Nyanja ya Malawi kasanu n'kawiri. Chiwerengero chimenechi n'chimene chimapusitsa anthu, choncho chiyenera kumveka pamodzi ndi chinzake: madziwa amayenda mita imodzi mpaka asanu pa chaka. Munthu wobadwa lero akadzafika zaka 70, dontho limene linalowa m'mwala tsiku la kubadwa kwake lidzakhala lisanathe n'komwe theka la kilomita. Madzi amene amatuluka kumalekezero akumwera chakumadzulo ena atha zaka pafupifupi 2 miliyoni ali pansi.

Za kutentha n'zosavuta. Pansi pa dziko pamanka patentha ukamatsika, ndipo madzi okhala nthawi yaitali pakati pa miyala yotentha amatenthanso. Amene anafikako ku Mawira ku Nkhotakota kapena ku Chiweta ku Rumphi anaona zofananako: madzi a mvula amene analowa pansi kwambiri n'kubwerera atatentha, ngakhale kuti kumeneko amakwerera m'ming'alu ya chigwa chathu. Ku Australia zitsime zosazama zimatulutsa madzi ofunda madigiri 30, zozama zimayandikira 100. Ku Birdsville, tauni ina ya m'chipululu, madzi amatuluka pa madigiri 98.

Madziwa sanayambe kutuluka chifukwa cha makina. Kumene thanthwe la pamwamba lili lopyapyala kapena long'aluka, amadzipezera okha njira n'kukhala akasupe. Ena mwa akasupewa, chifukwa cha mchere ndi dothi zimene zaunjikana kwa zaka zikwizikwi, anakhala ngati timapiri tokhala ndi dziwe pamwamba. Eni nthaka a ku Australia ankawadziwa onse. Anthu a mtundu wa Arabana kumwera, a Kullilli kudera la Thargomindah, ndi mitundu ina yambiri ankayenda m'chipululu potsata madzi odalirika, ndipo akasupe ambiri ali ndi mayina, nthano ndi malamulo ake. Azungu atabwera anatsata njira zomwezo. Waya wa telegalafu wochoka ku Adelaide kupita ku Darwin, umene unamalizidwa mu 1872, unadutsa motsata mzere wa akasupe a ku South Australia, ndipo njanji yakale ya Ghan inachitanso chimodzimodzi. Akasupe omwewo atasanduka pomwera ng'ombe, eni ake anakankhidwira kutali. Mbiri yolembedwa pa zikwangwani za alendo kawirikawiri imayambira pa tsiku lobowola chitsime, koma madziwa anali ndi eni kalekale.

Chitsime choyamba chodzitulutsira chokha madzi m'nkhokweyi chinakumbidwa mu 1878 pa famu ya Kallara, kufupi ndi Bourke ku New South Wales. Ku Queensland zinatsatira cha ku Barcaldine mu 1886 ndi cha ku Cunnamulla mu 1887. Kwa alimi a nkhosa, amene chilala chinkawaphera ziweto zikwizikwi, uwu unali uthenga wa chipulumutso. Dziko limene linkadyetsa ziweto pokhapokha mvula ikagwa tsopano likanazidyetsa chaka chonse. Ubweya wa nkhosa ndiwo unali chuma cha Australia masiku amenewo, choncho aliyense wokhala ndi ndalama anaitana obowola.

Thargomindah inachita china chimene anzake sanachiganizire. Madzi a pachitsime chake ankatuluka ndi mphamvu yochuluka moti mu 1898 khonsolo ya deralo inawalozetsa pa gudumu lokhala ndi timakapu m'mbali mwake. Madzi akamenya timakaputo gudumu linkazungulira, n'kuzungulitsa makina opanga magetsi, ndipo nyale za m'misewu zinayaka. Makinawo anagwira ntchito mpaka 1951, pamene majenereta a dizilo analowa m'malo. Lero mlendo amapeza nyumba yosonyeza mmene zinkachitikira, ndipo anthu akumeneko amanyadira kuti tauni yawo inali yachitatu padziko lonse, pambuyo pa London ndi Paris, kuyatsa misewu ndi magetsi a madzi. Mawu amenewa ndi okometsera, chifukwa ngakhale ku Australia komweko mzinda wa Launceston unali utayamba kale mu 1895 kupanga magetsi pa mtsinje. Ine ndimaona kuti choona chenicheni n'chodabwitsa kuposa chokometseracho. Nkula ndi Tedzani zimadalira Shire wotsika pa mathithi. Ku Thargomindah kulibe mathithi, kulibe phiri, dziko n'lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera. Mphamvu imene inkazungulitsa gudumu lija inachokera ku mvula imene inagwa pa mapiri akutali makilomita mazanamazana, anthu asanayambe kulemba mbiri.

Tsopano vuto. Mlimi akabowola chitsime sankachitseka. Ankakumba ngalande yosazama kuchokera pachitsimepo, n'kuikhotetsakhotetsa m'famu monse makilomita makumimakumi, kuti nkhosa zizimwa paliponse. Madzi ankayenda usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja, kaya pali chiweto chakumwa kaya palibe. M'dziko lotentha chonchi, madzi oposa 90 mwa 100 alionse ankauma ndi dzuwa kapena kulowerera m'dothi asanamwedwe. Zitsime zambiri zinali ndi mapaipi achitsulo amene madzi otentha ankawadya, moti ena ankathawira m'mbali asanafike n'kumwamba komwe.

Ochenjeza analipo. J. B. Henderson, injiniya wamkulu woona za madzi ku Queensland, ananena kale m'zaka za m'ma 1890 kuti kutaya kumeneku kudzachepetsa madzi, koma eni mafamu anali ndi mawu amphamvu m'nyumba ya malamulo, ndipo lamulo loyang'anira zitsime linadutsa mu 1910. Akatswiri nawo ankakangana za gwero la madziwo. J. W. Gregory ankati amachokera m'kati mwenimweni mwa dziko ndipo amakankhidwa ndi mpweya komanso kulemera kwa miyala. E. F. Pittman ankati ndi mvula ya kumapiri. Kafukufuku wa pambuyo pake anagwirizana ndi Pittman, koma mawu akuti ndi mvula anagonekanso anthu tulo, poganiza kuti chimene mvula imabwezera sichingathe. Anaiwala za mita imodzi kapena asanu pa chaka aja. Mu 1912 zigawo zinakumana ku Sydney kukambirana za nkhaniyi. Cha m'ma 1915 madzi otuluka m'zitsime zonse pamodzi anafika pachimake, malita oposa 2 biliyoni pa tsiku, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kutsika ngakhale kuti zitsime zatsopano zinkakumbidwabe.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Nkhokweyo sinaphwe, ndipo madzi amene anatayika m'zaka zonsezo ndi kachigawo kakang'ono ka amene alimo. Chimene chinatha ndi mphamvu yowakankha. Tibwerere ku thanki ya pa phiri ija: nyumba zonse zikasiya mipopi yotsegula, woyamba kusowa madzi ndi amene nyumba yake ili kumtunda, pamene thanki ikadali ndi madzi. Chitsime chilichonse chosatseka chinkatsitsa msinkhu umene madzi angakwere, ndipo kutsikako sikunkalekera pa mpanda wa famu. M'madera ena msinkhuwo unatsika mamita makumi angapo. Zitsime mazanamazana zinasiya kusefukira, eni ake n'kuyamba kugula mapampu ndi mafuta. Mlimi wosamala ankalangidwa limodzi ndi mnzake wotaya, ndipo amene akanatseka chitsime chake yekha akanangopindulitsa oyandikana naye. N'chifukwa chake kulangizana kokha sikunathandize. Chuma cha onse chimene aliyense amatapamo payekha chimafuna lamulo ndi ndalama za onse.

Amene analipira kwambiri ndi akasupe. Kasupe amatuluka ndi mphamvu yochepa chabe, choncho msinkhu ukatsika mita imodzi kapena awiri, amauma. Ku Queensland akasupe ambiri amene analembedwa ndi oyenda oyambirira lero ndi maenje a fumbi. Kasupe wa m'chipululu akauma, zamoyo za mmenemo zilibe kothawira, ndipo zambiri mwa izo sizipezeka kwina kulikonse padziko: nkhono zing'onozing'ono, tizilombo ta m'madzi, zomera ndi nsomba zimene zinakhala zokhazokha m'dziwe limodzi kwa zaka zikwi zambiri. Ku Edgbaston, pafupi ndi Aramac, kuli kansomba kosapitirira masentimita atatu, ka maso abuluu ndi zipsepse zofiira, kamene kanadziwika kwa asayansi cha m'ma 1990 ndipo kamakhala m'akasupe ochepa osazama a pamalo amodzi okhawo. Bungwe la Bush Heritage Australia linagula famuyo mu 2008 kuti likateteze. Mdani wake wamkulu ndi nsomba ya gambusia, imene inabweretsedwa kuchokera ku America kuti izidya mphutsi za udzudzu, ndipo ngalande za zitsime zinaithandiza kufalikira. Ngalande zomwezo zinamwetsa nkhumba ndi mbuzi zolowerera kutchire, komanso zinafalitsa mtengo waminga wochokera kunja umene unaphimba msipu.

Mankhwala ake ndi osadabwitsa. Chitsime chakale amachikonza kapena kuchitsekeratu ndi simenti n'kukumba china cha mapaipi osachita dzimbiri. Pamwamba amaikapo chotsekera. Ngalande amazikwirira, m'malo mwake n'kuyala mapaipi apulasitiki opita ku matanki ndi zomwera ziweto zimene zimadzitseka zokha zikadzaza. Chovuta ndi mtengo, chifukwa chitsime chozama kilomita imodzi sichikonzedwa ndi ndalama za m'thumba. Mu 1999 boma la Australia, maboma a zigawo ndi eni mafamu anayamba kusonkherana pansi pa ndondomeko yotchedwa Great Artesian Basin Sustainability Initiative. Zitsime zoposa 700 zinakonzedwa, ngalande za makilomita oposa 20,000 zinachotsedwa, ndipo madzi opulumuka akuyerekezedwa kuti ndi malita pafupifupi 250 biliyoni pa chaka. M'madera ena mphamvu ya madzi yayamba kubwerera. Alimi ena poyamba ankakana, poti ngalande yodutsa m'famu inali itakhala mbali ya moyo wawo, ana ankasambamo, mbalame zinkamweramo. Chisoni chawo n'chomveka. Koma ambiri atasintha anapeza kuti ziweto zikumwa madzi oyera, ndipo ntchito yosatha yolambula ngalande yawachokera.

Wopita ku Thargomindah adziwe kuti madzi a pampopi kumeneko ndi omwewa. Ntchito ya khonsolo ndi kuwaziziritsa asanalowe m'nyumba, ndipo m'matauni ambiri a m'derali m'chilimwe anthu amadandaula kusowa madzi ozizira osamba. Madzi a m'zitsime zambiri amatuluka ndi kafungo ka sulufule, konga ka dzira lowola, kamene kamachoka akakhala poyera kanthawi. Amaterera pakhungu ngati sopo sanachoke, chifukwa ali ndi soda wambiri. Soda yemweyo ndi amene amachititsa kuti asayenerere ulimi wothirira, poti amalimbitsa dothi mpaka madzi osalowanso. Ichi n'chifukwa chake madzi onsewa sanasandutse chipululu kukhala minda. Zitsime zina zilinso ndi mchere wochuluka wotchedwa fluoride amene amadetsa ndi kuononga mano a ana ndi a nkhosa, vuto lodziwikanso pa mijigo ina ya kwathu.

Panjira, ku Eulo, kuli akasupe a matope, timilu totuwa tofewa pamwamba pamene madzi a pansi amatulukira pang'onopang'ono atasakanikirana ndi dongo. Pomwepo pali malo amene alendo amalipira kuti asambe m'matope ndi madzi ofunda, ndipo ku Yowah, kumene amakumba miyala ya opal, kuli mabafa a madzi a pachitsime. M'tauni ya Thargomindah momwemo muli nyumba zakale za zidina, monga Leahy House ya mu 1885 ndi chipatala chakale cha mu 1888, zomangidwa ndi dothi la pomwepo chifukwa matabwa ndi njerwa zinali kutali. Nyengo yabwino yoyendera ndi kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Disembala ndi Januwale kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndipo dziko louma limasefukiranso: kumapeto kwa Malichi 2025 mtsinje wa Bulloo unadzaza kuposa pa chigumula chachikulu cha mu 1974, madzi analowa m'nyumba zambiri za m'tauniyi, anthu n'kuthawira kumtunda cha kubwalo la ndege. Chigumula chotere sichiwonjezera kanthu m'nkhokwe ya pansi pa tauniyo, chifukwa thanthwe limene limatsekera madzi akale kuti asathawe limatsekeranso atsopano kuti asalowe.

Mkangano wa masiku ano wasamukira kwa ogwiritsa ntchito akuluakulu. Mgodi wa Olympic Dam ku South Australia, wa kampani ya BHP, umene umakumba kopa ndi yureniyamu, umatunga malita mamiliyoni makumi angapo pa tsiku kuchokera m'nkhokweyi, ndipo anthu a Arabana akhala akudandaula za akasupe awo oyandikana ndi zitsime za mgodiwo. Kum'mawa, m'dera la Surat ku Queensland, makampani otulutsa gasi m'malasha amayamba apopa madzi ochuluka kuti gasiyo amasuke, ndipo zitsime za alimi ena zatsika. Panalinso ganizo la kampani ina ya gulu la Glencore lofuna kupopera mpweya wa carbon dioxide wochokera pamalo opangira magetsi a malasha kuti ukasungidwe m'mwala wina wakuya wa nkhokwe yomweyi. Alimi, makhonsolo a kumidzi ndi oteteza chilengedwe, amene kawirikawiri samwerana madzi, ulendo uno anaima pamodzi kutsutsa. Mu Meyi 2024 boma la Queensland linakana ntchitoyo, ndipo pasanapite nthawi linakhazikitsa lamulo loletsa kusunga mpweya wotere m'chigawo chake chonse cha Great Artesian Basin. Zitsime zakale zosatseka zikadalipo, makamaka ku Queensland, ndipo zambiri mwa zotsalazo ndi zozama, zotentha ndi zodula kukonza kuposa zimene zinakonzedwa kale.